Mfundo zinayi zolukira chibangili cha ulusi, ndi chochita zikasokonekera

Amayi anzanga, mwina mwaonapo atsikana atavala tizibangili ta ulusi wamitundumitundu pamkono, tina ta mizere yopendekeka, tina ta mizere yosongoka ngati mutu wa muvi. Ena a inu mwana adabwera nako kunyumba katapotoka ngati chingwe cha mbuzi, n'kufunsa kuti, "Amayi, ndalakwitsa pati?" M'magulu ena mwayambanso kukambirana zogula ulusi ndi ndalama za gulu kuti muziluka zogulitsa. Ntchitoyi siifuna makina kapena magetsi, koma ili ndi malamulo ake. Munthu wosawadziwa amatha ulusi wambiri pa zinthu zopindika zimene palibe angagule, ndipo nthawi zina chinthu chomwe chidalukidwa mwachikondi chimavulaza mwana. Tiyeni tione kamangidwe kake, zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri, ndi momwe mungazikonzere osataya ulusi.

Kumene zidachokera

M'Chingerezi amazitcha zibangili za ubwenzi, chifukwa mwambo wake ndi woti wolukayo savala yekha. Amamangira mnzake pamkono, ndipo mnzakeyo amavala mpaka ulusi utatha wokha. Zidatchuka pakati pa achinyamata a ku United States m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'misika ya ku Guatemala ndi ku Mexico zimagulitsidwa zambiri mpaka lero. Luso lopanga zinthu pomanga mfundo zokhazokha, popanda singano kapena ndowe, limatchedwa macramé. Kumanga ulusi pamkono wa munthu amene umamukonda kuliko m'maiko enanso. Ku India, pa chikondwerero cha Raksha Bandhan, mlongo amamanga kaulusi pamkono wa mchimwene wake.

Kwathu kuno ena akaona ulusi pamkono amaganiza za mphinjiri. Chibangili chimene tikunena pano n'chokongoletsa chabe. Mulibe mankhwala, sichiteteza ku matenda, ndipo ndi bwino kuwafotokozera ana zimenezi powaphunzitsa.

Zofunika kukhala nazo

Ulusi wabwino ndi wathonje, uja timasokera maluwa pa nsalu za patebulo. Wa makampani monga DMC ndi Anchor umabwera m'timipukutu ta mamita 8, ndipo mukauyang'anitsitsa muona kuti ndi tiulusi 6 topotedwa pamodzi. Musatilekanitse. Gwiritsani ntchito tonse 6 ngati chingwe chimodzi. Ulusi wolukira majuzi umatheka, koma umatamuka ndipo umachita ubweya msanga. Chachikulu n'choti zingwe zonse za chibangili chimodzi zikhale zonenepa mofanana. Mukasakaniza chonenepa ndi chowonda, mizere siiwongoka ngakhale mutasamala bwanji.

Mufunikanso sizasi, phini wa thewera, tepi ya atelala, ndi pilo wolimba kapena katoni pomwe mungakolekepo ntchito yanu.

Yezani mkono wa amene adzavale, pamalo pamene timavala wotchi. Mikono ya amayi ambiri imakhala ya masentimita 15 mpaka 17. Mfundo zimadya ulusi kwambiri, choncho chingwe chilichonse chikhale cha masentimita pafupifupi 90. Njira yosavuta ndi kudula masentimita 180 n'kupinda pakati, kuti chidutswa chimodzi chikupatseni zingwe ziwiri za mtundu umodzi. Ngati mulibe tepi, tambasulani manja onse awiri. Kuchokera kunsonga ya chala cha dzanja ili mpaka cha dzanja linalo, utali wake umayandikana ndi msinkhu wanu. Onjezeranipo utali wa chikhatho ndi zala zake, ndipo mwafika pafupi.

Ikani zidutswa zonse pamodzi, zipindeni pakati, ndipo mangani mfundo wamba pafupi ndi popindapo, kusiya kamphete koti nsonga ya chala ilowe. Lowetsani phini m'kampheteko n'kubaya pa pilo, kapena pa chitenje chanu pabondo. Ntchito yosakolekedwa penapake siilukika, chifukwa mulibe chokokerana nacho.

Chingwe choyenda ndi mzati

Pa mfundo iliyonse pamagwira ntchito zingwe ziwiri zoyandikana. China chimaima chilili, ndipo tichitcha mzati. China chimazungulira mzatiwo, ndipo tichitcha chingwe choyenda. Mtundu umene umaoneka pamwamba ndi wa chingwe choyenda, pomwe mzati umabisika m'kati. Mukamvetsa zimenezi mwamvetsa theka la ntchito yonse.

Lamulo lachiwiri n'lakuti mfundo imodzi ndi kukulunga kawiri. Kukulunga kamodzi ndi theka la mfundo chabe.

Mfundo yoyamba ndi yopita kumanja. Chingwe cha kumanzere ndicho choyenda, cha kumanja ndi mzati. Gwirani mzati ndi dzanja limodzi mouwongolera kwa inu. Tengani choyenda, chigonekeni pamwamba pa mzati kuti zioneke ngati nambala 4. Nsonga yake ipititseni pansi pa mzati ndi kuitulutsira m'bowo la nambala 4 ija. Kokerani m'mwamba mpaka ikafike pa mfundo ya pamwamba. Bwerezani kachiwiri pa mzati womwewo. Mukatero choyenda chija chasamukira kumanja kwa mzati.

Mfundo yachiwiri ndi yopita kumanzere, ndipo ndi yoyamba ija itatembenuzidwa. Tsopano choyenda ndi cha kumanja. Chigonekeni pamwamba pa mzati kuti zioneke ngati chilembo P, pititsani nsonga pansi pa mzati, tulutsirani m'bowo, kokerani m'mwamba, ndipo bwerezani. Choyenda chasamukira kumanzere.

Mfundo yachitatu ndi yachinayi ndi zobwerera. Pa yachitatu, chingwe cha kumanzere chimakulunga koyamba ngati 4, kenako chomwecho chimakulunga kachiwiri ngati P pa mzati womwewo. Mtundu wake umaoneka, koma chimabwerera kumanzere komwe chidali. Pa yachinayi, cha kumanja chimayamba ndi P n'kumaliza ndi 4, ndipo chimabwerera kumanja. Ziwirizi ndizo zimakhotetsa mzere pakati pa njira, monga popanga timabokosi ndi mizere yokhotakhota. Musazithamangire. Yambani mwazolowera ziwiri zoyambazo.

Musanagwire ulusi wogula, yesererani pa zingwe ziwiri zonenepa za mitundu yosiyana, ngakhale zomasula ku thumba lakale. Pa chingwe chonenepa diso limaona bwino chimene chikuzungulira chinzake.

Maluko atatu oyambira

Losavuta kuposa onse ndi lozungulira. Gwirani zingwe zonse pamodzi ngati mzati umodzi, kupatulapo chimodzi. Chimodzicho chizikulunga ngati 4 mobwerezabwereza. Mfundo zimayamba kuzungulira zokha ngati makwerero opota. Mukafuna kusintha mtundu, bwezerani chingwecho m'gulu la zinzake n'kutulutsa china. Ili ndi luko lokhalo limene kupotoka kuli kofunika, ndipo ndi labwino kuyambira ana.

Lachiwiri ndi la mizere yopendekeka. Tengani zingwe 6, mwachitsanzo ziwiri zofiira, ziwiri zoyera ndi ziwiri zobiriwira, ndipo muziyale motsatana choncho. Chingwe cha kumapeto kumanzere chimange mfundo yopita kumanja pa chachiwiri, kenako pa chachitatu, mpaka pa chomaliza. Zikhala mfundo 5, ndipo chingwecho chafika kumapeto kumanja. Chisiyeni komweko. Bwererani kumanzere, tengani chimene chili kumapeto tsopano, ndipo chitani chimodzimodzi. Mizere iwiri idzatuluka yofiira, iwiri yoyera, iwiri yobiriwira, kenako zofiira zidzakhala zabwerera pamalo pake.

Lachitatu ndi la mutu wa muvi. Limafuna zingwe 8 za mitundu inayi, zoyalidwa moti mbali ziwiri zifanane: chofiira, choyera, chabuluu, chachikasu, kenako chachikasu, chabuluu, choyera, chofiira. Chofiira cha kumanzere chimange mfundo zitatu zopita kumanja, pa choyera, chabuluu ndi chachikasu, n'kuima pakati. Chofiira cha kumanja chimange mfundo zitatu zopita kumanzere pa zinzake za mbali yake, n'kuimanso pakati. Tsopano zofiira ziwiri zakumana. Zimangeni pamodzi ndi mfundo imodzi yopita kumanja. Mzere wonse uli ndi mfundo 7. Zoyera ndizo zili kumapeto tsopano, ndipo ndizo ziyende.

Mizere iwiri kapena itatu yoyamba imaoneka yosalongosoka chifukwa zingwe zikuchokera pa mfundo imodzi. Musamasule. Pofika mzere wachinayi zimakhazikika.

Chibangili chikamapotoka

Dandaulo loyamba la aliyense ndi ili. Zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba, mukukulunga kamodzi m'malo mwa kawiri. Werengani mokweza, "modzi, wiri", mpaka manja atazolowera. Chachiwiri, mukukoka mwamphamvu kwambiri. Mfundo imafuna kungokhala pamalo pake mogwirana ndi inzake, osati kufinyidwa. Chachitatu chili m'luko lenilenilo. Pa mizere yopendekeka mfundo zonse zimapita mbali imodzi, choncho chibangili chimapindikira mbali imeneyo ngakhale kwa katswiri. Mutu wa muvi supotoka kwambiri chifukwa mbali ziwirizo zimakokerana.

Pamene mukuluka, muzisuntha phini kuti akhale pafupi ndi pamene mwafika. Mukamaliza, nyowetsani chibangili pang'ono, chiwongoleni ndi zala, chikulungeni m'kansalu koyera ndi kuchitsendereza ndi buku lolemera usiku wonse. Ngati ulusi ndi wathonje mungathe kusita, mutayala nsalu pamwamba. Wa nayiloni musasite, umasungunuka.

Mtundu wolakwika ukatulukira pakati pa mzere

Mzere wonse ndi wofiira, koma pakati patulukira kadontho koyera. Apa mzati udali wolefuka pamene mumakoka, ndiye zingwe zidasinthana ntchito, mzati n'kuzungulira choyenda. Mankhwala ake ndi kumasula. Tengani phini, lowetsani nsonga yake pansi pa kukulunga komaliza, ndipo tukulani pang'onopang'ono mpaka kabowo katatseguka. Tulutsani chingwe, kenako chitani chimodzimodzi pa kukulunga kwina. Bwererani m'mbuyo mfundo imodziimodzi, motsata momwe mudamangira, mpaka mutafika polakwikapo. Musabaye pakati pa chingwe, chifukwa mukang'amba tiulusi tija malowo amanyanyuka mpaka kalekale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomanganso, mzati ukhale wowongoka ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo dzanja limene likukoka likhale la choyenda lokha.

Kodi n'koyenera kumasula nthawi zonse? Ngati cholakwika chili m'mizere iwiri kapena itatu yapitayi, masulani. Ngati mwachiona mutapita kutali, ndipo ndi kadontho kamodzi, pa chibangili chopatsa mnzanu chisiyeni. Pa chogulitsa, lowetsani ulusi wa mtundu woyenera m'singano, sokani kawiri pamwamba pa kadonthoko, ndipo bisani nsonga kumbuyo.

Mabowo ndi mipata

Mukaona kuwala kukudutsa pakati pa mfundo, ndiye kuti theka loyamba la mfundo silidafike pamwamba. Kokerani choyenda m'mwamba ndithu, chakumene kuli phini, osati cham'mbali kapena cha kwa inu. Mukamaliza mzere, kankhirani mfundo zonse m'mwamba ndi chikhadabo. Pa mutu wa muvi, bowo la pakati limatanthauza kuti mudaiwala kumanga pamodzi zingwe ziwiri zija zitakumana. Mukaiwala mizere ingapo motsatana, chibangili chimagawika pawiri ngati lilime la njoka.

Mphepete zosawongoka

Chibangili chikakhala chotakata pena, chowonda pena, mphamvu ya kakokedwe ikusintha. Munthu akatopa kapena akakwiya amakoka mosiyana ndi pamene ali wosangalala. Pachifukwa chomwechi, chibangili chimodzi asalandizane anthu awiri. Amene wayamba amalize.

Mutu wa muvi ukamapendekera mbali imodzi, mfundo za mbali ina zikulimba kuposa za inzake. Ambiri a ife dzanja lamanja ndilo lamphamvu, ndipo mfundo imodzi mwa ziwirizo timaizolowera msanga. Lukani kachibangili ka mizere yopendekeka pogwiritsa ntchito mfundo imene imakuvutaniyo yokhayokha. Pomaliza manja adzakhala atalingana. Onaninso mfundo ya pakati. Ngati mudayamba ndi yopita kumanja, ikhale yomweyo mpaka kumapeto, kuti msana wa chibangili uwongoke.

Chingwe chikafupika kapena kuduka

Musadikire kuti chithe. Chikatsala masentimita pafupifupi 10, ndipo chili pakati pa zinzake osati kumphepete, chigwetsereni kumbuyo kwa chibangili. Dulani china cha mtundu womwewo, nsonga yake muibaye ndi phini pa pilo kumbuyo kwa ntchito, kusiya masentimita 10, ndipo chilowe pamalo pa chakale chija. Pitirizani kuluka. Mukadutsa mizere inayi kapena isanu, tembenuzani chibangili ndi kumanga nsonga ziwirizo pamodzi.

Mfundo yomangira pamenepa ndi yafulati. Nsonga ya kumanja idutse pamwamba pa ya kumanzere n'kuzungulira, kenako ya kumanzere idutse pamwamba pa ya kumanja n'kuzungulira. Ife azamba timaiphunzitsa pomanga mchombo wa khanda ndi kachingwe, chifukwa ikamangidwa bwino siimasuka wamba. Mukadutsitsa mbali imodzimodzi kawiri konse, mfundo imaoneka ngati yagwira koma imaterereka. Mukamanga, lowetsani nsonga zotsala m'singano, zipititseni pansi pa mfundo zingapo za kumbuyo, ndipo dulani.

Zingwe zikamakolana ndi kunyanyuka

Zingwe zazitali zimapiringizana kumunsi. Mukamaliza mzere uliwonse, pesani ndi zala kuchokera pamwamba mpaka kunsonga. Ngati ndi zambiri, kulungani nsonga ya chilichonse pa kachidutswa ka katoni, n'kumamasula pang'onopang'ono. Chingwe chikayamba kulekana tiulusi, chikhuleni kamodzi pa phula la njuchi kapena pa kandulo yoyera. Musachulukitse, phula limakopa fumbi.

Mukafuna kupuma, malizani kaye mzere. Kusiya pakati ndiko kumachititsa kuti pobwerera musadziwe chimene chimayenda. Zikasokonekera ndithu, yang'anani pansi pa mzere womaliza. Pansi pa mfundo iliyonse pamatuluka chingwe chimodzi, ndipo mukaziyala motsata pamene zikutulukira, dongosolo labwerera lokha.

Utoto ukamachoka

Ulusi wina wotsika mtengo umasuluka, makamaka wofiira, wakuda ndi wabuluu wakuda. Chibangili chikanyowa, zoyera zija zimasanduka zina. Musanadule, nyowetsani kachidutswa ndi kukafinyira pa nsalu yoyera. Pakatsala utoto, viikani mpukutu wonse m'madzi ozizira, muzisintha madziwo mpaka atayera, ndipo yanikani pamthunzi. Ukapitirirabe kusuluka, musausakanize ndi mitundu yowala. Sambaninso m'manja musanayambe, chifukwa mafuta ndi thukuta zimadetsa ulusi woyera ntchito isanathe.

Kumaliza ndi kutseka

Lekani kuluka pamene mbali ya mfundo yatsala masentimita awiri kuti izungulire mkono wonse. Gawani zingwe pawiri, ndipo mbali iliyonse muiluke katatu ngati tsitsi, masentimita 8 mpaka 10, n'kumanga mfundo kunsonga. Povala, mchira umodzi ulowe m'kamphete kaja ndipo mumange ndi unzake. Ena amasokera batani kumapeto kuti lizilowa m'kamphete. Ngati mwasankha batani, liyezeni pa kampheteko poyamba pomwe, musanaluke mzere ndi umodzi womwe.

Chotsekera chabwino kwambiri pa zogulitsa ndi chotsetsereka, chifukwa chimakwana mikono yosiyanasiyana ndipo chimavulika. Pa chimenechi simusiya kamphete poyamba. Mumasiya masentimita 10 osaluka, kuti mbali zonse ziwiri zidzakhale ndi mchira umodzi woluka katatu. Gonekani michira iwiriyo pamodzi, wina kuloza uku wina uko. Dulani kachingwe ka masentimita 30 ndi kukaika pansi pake mopingasa. Nsonga ya kumanzere idutse pamwamba pa michira. Ya kumanja idutse pamwamba pa inzakeyo, ipite pansi pa michira, ndi kutulukira m'bowo la kumanzere. Kokani. Kenako yambirani kumanja n'kuchita chimodzimodzi. Bwerezani kasanu kapena kasanu n'kamodzi, mosinthana mbali. Musafinye kwambiri, michira iyenera kuyenda m'kati. Bisani nsonga ndi singano, ndipo kumapeto kwa mchira uliwonse mangani mfundo yaikulu kuti usasolokemo.

Za thanzi, zimene sitiyenera kuzinyalanyaza

Chibangili chikavalidwa, chala chimodzi chizitha kulowa pansi pake mosavuta. Thonje likanyowa n'kuuma limafupika pang'ono, ndipo mkono umatupa kukatentha. Chikasiya mzere pakhungu, kapena zala zikamachita dzanzi, chidulidwe nthawi yomweyo, ngakhale adakupatsani ndi munthu wapamtima.

Makanda ndi ana osafika zaka zitatu musawaveke. Mwana amakula msanga ndipo sanganene kuti chamuthina. Kaulusi kamodzi kothothoka kangathe kuzungulira chala cha khanda, cha kumanja kapena cha kuphazi, n'kutseka magazi mpaka chala kuwonongeka. Khanda likamalira osatonthola, livuleni ndipo muyang'ane zala zonse. Mukapeza kaulusi kapena tsitsi litalowa m'khungu ndipo simukutha kulichotsa, thamangirani kuchipatala. Mikanda ndi mabatani mwana amaika m'kamwa kapena m'mphuno, ndipo angatsamwe nazo. Mukatha kuluka, sesani tizidutswa tonse pamphasa.

Amayi oyembekezera avale chotsetsereka, osati chomanga mfundo yosamasuka. Ndipo ngati chibangili kapena mphete imene inkakwana yayamba kuthina mwadzidzidzi, manja ndi nkhope zatupa, mutu ukupweteka kapena maso akuchita chidima, musangodula chibangili n'kukhala pansi. Zimenezi zingakhale zizindikiro za kuthamanga kwa magazi, kumene kumaika mayi ndi mwana pangozi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ulusi wonyowa umasunga litsiro, ndipo sopo safika bwino pakhungu la pansi pake. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'chipatala sitivala kanthu pamkono tikamasamalira odwala. Inunso vulani pokanda ufa wa mandasi, pophikira anthu ambiri, posambitsa wodwala ndi posintha mwana thewera, makamaka nyengo ya kolera. Chichapeni ndi sopo kawirikawiri ndipo chiume musanavalenso. Pakhungu pakatuluka zidzolo kapena pakamayabwa, chotsani. Ogwira ntchito pachigayo kapena pa makina ena ozungulira asavale konse, chifukwa mchira ukakodwa umakoka dzanja.

Wolukanso adzisamale. Khalani pamalo owala, kwezani pilo pamiyendo kuti musawerame kwambiri, ndipo pakapita theka la ola imirirani, tambasulani zala ndi kuyang'ana kutali. Amene tapitirira zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zapafupi. Ngati mfundo zikuoneka mwachimbuuzi, kayezetseni maso m'malo mozikakamiza.

Gulu likafuna kugulitsa

Yambani ndi masamu. Kampukutu ka mamita 8 kamatulutsa zidutswa zinayi za masentimita 180, n'kutsala masentimita 80 amene mungapangire zotsekera. Choncho timipukutu titatu timakwanira zibangili zinayi za mizere yopendekeka, ndipo timipukutu tinayi timakwanira zinayi za mutu wa muvi. Mukadziwa mtengo wa kampukutu kwanuko, mwadziwa ndalama imene yalowa m'chibangili chimodzi.

Chodula kwambiri ndi nthawi. Wina ayang'ane wotchi pamene mnzake akuluka, ndipo mulembe maola amene chatenga. Ngati mtengo umene anthu akulolera kupereka sukubweza ulusi ndi nthawiyo, sankhani maluko opepuka, monga lozungulira, kapena muziluka pokhapokha wina waitanitsa mitundu ya sukulu kapena ya timu yake ya mpira. Musagule ulusi wambiri musanaone kuti zoyamba zayenda bwanji. Sankhaninso mayi mmodzi wa diso lakuthwa woti aziona chilichonse chisanatuluke: kodi chagona fulati, mphepete zawongoka, nsonga zabisika, chotsekera chikuyenda?

Pa msonkhano wanu wotsatira, aliyense abweretse phini, pilo ndi zingwe ziwiri zonenepa. Khalani awiriawiri, wina azimanga, wina aziwerenga "modzi, wiri" ndi kuyang'ana ngati mzati wawongoka. Tsiku limenelo musaluke chibangili. Mangani mfundo yopita kumanja kakhumi, yopita kumanzere kakhumi, kenako muzimasule zonse ndi phini. Ulusi wogula muuyambe sabata inayo.